Kazembe wa Nkhondo ndi Kazembe wa Mau: Utsogoleri wa a Nelson Mandela m'Buku la Long Walk to Freedom

1. Mau Oyamba

Cholinga chathu m'nkhani ino ndi kuunika m'mene buku la mbiri ya moyo wa a Nelson Mandela, lotchedwa Long Walk to Freedom, limene linasindikizidwa m'chaka cha 1994, likufotokozera utsogoleri wao pa nkhondo ndiponso pa ntchito yokhazikitsa dziko latsopano la South Africa. Bukuli linalembedwa m'Chingerezi, komabe tikuganiza kuti lili ndi malo pa msonkhano wa zinenero za mu Afirika pa zifukwa ziwiri. Choyamba n'chakuti linalowa kale m'zinenero za kuno kwathu: a Peter Mtuze analimasulira m'Chixhosa, a D.B.Z. Ntuli m'Chizulu, a M.S. Serudu m'Chipedi, ndipo a Antjie Krog m'Chiafirikansi. Chachiwiri n'chakuti ife olemba ndi ophunzitsa Chichewa tili ndi mwambo wathu wolemba mbiri ya munthu mmodzi, kuyambira pa Nthondo ndi Msyamboza, mabuku a a Samuel Josia Ntara, ndipo tiyenera kudziwa zimene mbiri yotere imakhoza ndi zimene imalephera.

Mfundo yathu ndi iyi: bukuli likulongosola mwaluso ndi moona mtima utsogoleri wa a Mandela pamene iwo anaima okha ndi kusankha chochita, koma likuchepa mphamvu pamene nkhondo inasenzedwa ndi anthu ena m'dzina lao. Motero lapatsa dziko latsopanolo tate mmodzi wooneka bwino, pamene ambiri amene anagwira mfuti atsala mumthunzi.

2. Liu la "Kazembe" ndi Malo a Waterkloof

Womasulira bukuli m'Chichewa angakumane ndi vuto pa liu loyamba lenileni: kodi a Mandela tiwatche ndani? Iwo anali mkulu woyamba wa gulu lankhondo la Umkhonto we Sizwe, ndipo liu limene makolo athu ndi omasulira Buku Lopatulika anagwiritsa ntchito pa udindo wotere ndi "kazembe wa nkhondo". Koma liu lomwelo la "kazembe" masiku ano timalimva kawirikawiri ponena za munthu woimira dziko lake kudziko lina, amene chida chake ndi mau. Chinenero chathu chasunga ntchito ziwirizi m'liu limodzi, ndipo tikukhulupirira kuti m'menemo muli mfungulo yomvetsera bukuli.

Mu mzinda wa Pretoria, dzina la Waterkloof nalonso lasenza matanthauzo awiri omwewa. Ndi dzina la dera lapamapiri kumene kuli nyumba zambiri za akazembe a maiko akunja. Ndi dzinanso la bwalo la ndege zankhondo limene linatsegulidwa m'chaka cha 1938. Pa bwalo limeneli, pa 14 Disembala 2013, patapita masiku 9 a Mandela atamwalira, panachitika mwambo woyenera kuulingalira. Thupi lao litagona masiku atatu ku Union Buildings kuti anthu alione, asilikali a boma analipereka kwa chipani cha ANC, ndipo bokosi linafundidwa mbendera ya chipanicho. Mwambo wotsanzikana utatha, chipani chinabwezera thupilo kwa asilikali, amene analinyamula pa ndege yao kupita ku Mthatha. M'mawa mwake linaikidwa m'manda ku Qunu, kumene a Joyce Banda, amene pa nthawiyo anali Pulezidenti wa Malawi ndi wapampando wa SADC, anali mmodzi wa oyankhula.

Tikakumbukira kuti pa 20 Meyi 1983 gulu limene a Mandela analiyambitsa linaphulitsa bomba pa khomo la likulu la asilikali a ndege omwewo mu Church Street, tikuona kukula kwa funso limene bukuli likuyesa kuyankha. Kodi munthu amene anayambitsa nkhondo yolimbana ndi boma anafika bwanji pokhala munthu amene asilikali a boma amunyamula pamapewa?

3. Miyezi ya Usilikali

Choyamba chimene tiyenera kuyamikira ndi chakuti wolemba sadzikuza pa usilikali wake. Akuvomera poyera kuti pamene anapatsidwa ntchito yoyambitsa gulu lankhondo m'chaka cha 1961 anali asanamenyepo nkhondo kapena kuombera mdani. Usilikali anauyamba ndi kuwerenga. Akubisala m'nyumba ya a Wolfie Kodesh ku Johannesburg, ndipo pambuyo pake pa munda wa Liliesleaf ku Rivonia, anawerenga Clausewitz, Mao Zedong, Che Guevara ndi Menachem Begin, ndiponso buku la Commando limene a Deneys Reitz analemba pofotokoza m'mene Mabunu anamenyera nkhondo yobisalira polimbana ndi Angerezi. Apa wowerenga watcheru akuona kale khalidwe limene lidzaoneka kufikira kumapeto: munthu uyu amaphunzira kwa mdani wake.

Tikawerenga masiku, nthawi ya utsogoleri wao pa nkhondo ndi yaifupi kwambiri. Mabomba oyamba anaphulika pa 16 Disembala 1961 ku Johannesburg, Port Elizabeth ndi Durban. A Mandela anagwidwa pa 5 Ogasiti 1962 pafupi ndi Howick. Pakati pa masiku awiriwa pali miyezi yosakwana 8, ndipo yoposa 6 mwa miyezi imeneyi anali kunja kwa dziko. Anatuluka mu Januwale 1962 kudzera ku Bechuanaland, nafika ku Tanganyika kumene anaonana ndi a Julius Nyerere. Anayankhula pa msonkhano wa maiko a mu Afirika ku Addis Ababa mu Febuluwale. Ku Tunisia a Habib Bourguiba anawalonjeza mapaundi 5,000. Ku Oujda, m'dziko la Morocco, anacheza ndi omenyera ufulu a ku Algeria. Anafikanso ku London. Maphunziro ao enieni a mfuti, ku Kolfe m'dziko la Ethiopia, anayenera kukhala a miyezi 6, koma bukuli likuti anatha patangopita masabata 8 chifukwa anaitanidwa kwao. Kunena mwachidule, kazembe wa nkhondo uja anathera nthawi yake yambiri akugwira ntchito ya kazembe wa mau, kupempha ndalama, malo ophunzirira ndi chikhulupiriro cha maiko ena.

Luso la wolemba likuonekera m'tinthu ting'onoting'ono timene wasankha kusunga. Mwazi umene tikuuona ukukhetsedwa ndi dzanja la mkulu wa nkhondoyu m'zigawo zimenezi ndi wa mpheta imene anaiombera ndi mfuti ya mpweya ku Liliesleaf, ndipo mwana wamng'ono wa a Arthur Goldreich anawadzudzula mpaka iwo anachita manyazi. Tsiku limene anagwidwa anali ndi mfuti m'galimoto, koma anaibisa pakati pa mipando pamodzi ndi kabuku kao, osaombera. Wolemba wofuna kudzitamanda akanasiya nkhani zimenezi. A Mandela aziika pamalo oonekera, ndipo zikukonzekeretsa wowerenga kuti amvetse mtundu wa utsogoleri umene bukuli likufuna kuutchinjiriza.

4. Muyeso wa Mphamvu

Utsogoleri umenewo tingautche luso loyesa mphamvu: kudziwa kukula kwa nkhondo imene ikufunika, nthawi yoikana kuileka, ndi nthawi yoileka. Tikuona malo anai pamene bukuli likusonyeza zimenezi.

Malo oyamba ndi chaka cha 1961. Atsogoleri a gulu latsopanolo anali ndi njira zinai patsogolo pao: kuononga katundu wa boma, nkhondo yobisalira, kuopseza anthu wamba ndi ziwembu, ndi kuukira boma poyera. Anasankha kuyamba ndi njira yoyamba, ndipo analamula kuti anthu asaphedwe. Chifukwa chimene wolemba akupereka n'chofunika kwambiri pa nkhani yathu. Iye anaona kuti chidani cha Mabunu ndi Angerezi chinali chisanathe ngakhale panali patapita zaka zoposa 50 nkhondo yao itatha m'chaka cha 1902, ndipo sanafune kuti akuda ndi azungu adzasiyidwe ndi chilonda chotere. Ndiye kuti pa tsiku loyamba la nkhondo anali kuganizira kale za dziko limene adzakhalemo pamodzi ndi adani ao. Mfundo yomweyi anaibwereza pa 20 Epulo 1964 m'bwalo la milandu la Palace of Justice ku Pretoria, pamene anavomera kuti anali mmodzi wa amene anayambitsa gululo, asanaweruzidwe pa 12 Juni kukhala m'ndende moyo wao wonse.

Malo achiwiri ndi chaka cha 1985. Pa 31 Januwale a P.W. Botha analengeza kuti adzawamasula ngati atakana chiwawa. Yankho lao lokana linawerengedwa ndi mwana wao Zindzi pa bwalo la Jabulani ku Soweto pa 10 Febuluwale. Munthu amene anali atakhala m'ndende zaka zoposa 22, wopanda msilikali ndi mmodzi yemwe womulamula, anazindikira kuti chida chokha chimene chinamutsalira ndi kusavomera kutaya mfuti imene inali m'manja mwa ena. Komabe m'chaka chomwecho anayamba kufunafuna njira yoyankhulana ndi nduna ya zachilungamo, a Kobie Coetsee, asanauze anzao. Bukuli silibisa kuti apa anachita okha. Kumayambiriro linatipatsa chithunzi cha mtsogoleri ngati mbusa woyenda kumbuyo kwa ziweto, chimene anachitengera kwa mfumu Jongintaba imene inawalera. Tsopano likutipatsa chithunzi cha mbusa wodutsa kutsogolo kwa ziweto. Zithunzi ziwirizi sizigwirizana kwenikweni, ndipo kukokana kwake ndiko kumapatsa moyo zigawo zakumapeto za bukuli.

Malo achitatu ndi pa 6 Ogasiti 1990, miyezi 6 atatuluka m'ndende, pamene chipani cha ANC chinasainirana ndi boma la a F.W. de Klerk pangano la Pretoria Minute ndi kuimitsa nkhondo. Wolemba akuvomera kuti ganizoli linachokera kwa a Joe Slovo ndipo iye poyamba analikana. Malo achinai ndi mu Epulo 1993, a Chris Hani ataphedwa pa 10 mwezi umenewo, pamene dziko linatsala pang'ono kuyaka. A Mandela, asanakhale Pulezidenti, anayankhula pa wailesi ya kanema kupempha bata, nakumbutsa anthu kuti amene anathandiza kugwira wakuphayo anali mai wachizungu. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Pa usiku umenewo kudekhako kunachita zimene gulu lankhondo silikanatha kuchita.

Zonsezi zikukwaniritsidwa pa 10 Meyi 1994 ku Union Buildings, pamene wolemba akuona akuluakulu a asilikali ndi apolisi akumuchitira sawasha, nakumbukira kuti zaka zochepa m'mbuyomo anthu omwewo akanamumanga. Gulu lankhondo latsopano la dzikolo linaphatikiza asilikali a boma lakale, a Umkhonto we Sizwe, a APLA ndi a zigawo zinai zimene boma la tsankho linkazitcha maiko odziimira, ndipo a Mandela anasiya a Georg Meiring, mkulu wa asilikali akale, pa udindo wao kufikira 1998. Pa mfundo iyi bukuli ndi lokhutiritsa: nkhondo ndi kukhazikitsa dziko zikuoneka ngati ntchito imodzi yoyendetsedwa ndi ganizo limodzi.

5. Zimene Bukuli Lasiya

Tsono tiyenera kufunsa mtengo wa kukhutiritsa kumeneku. Mbiri ya munthu mwini imaona pamene maso a mwiniyo anafika, ndipo maso a a Mandela anali m'ndende zaka 27. Nkhondo imene anaiyambitsa inapitirira zaka pafupifupi 29, ndipo inayendetsedwa ndi ena: a Raymond Mhlaba, a Wilton Mkwayi, a Joe Modise amene analamula gululo kuyambira 1965, ndiponso pamwamba pa onse a Oliver Tambo, amene anasunga chipani ali ku Lusaka pakati pa anthu oyankhula Chinyanja. Nkhondo ya ku Wankie ya 1967, pamene asilikali a Umkhonto we Sizwe ndi a ZAPU anamenyana ndi asilikali a Rhodesia, ikufika m'bukuli ngati mbiri yomveka kutali. Anthu monga Vuyisile Mini, amene ananyongedwa ku Pretoria pa 6 Novembala 1964, ndi Solomon Mahlangu, mnyamata wa ku Mamelodi amene ananyongedwa pa 6 Epulo 1979, ndiwo analipira mtengo weniweni wa ganizo la 1961. Wolemba akuyamika anzake mobwerezabwereza, ndipo sitikumukaikira. Koma kuyamika munthu ndi kumupatsa malo m'nkhani ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Palinso zinthu zowawa zimene zadutsidwa mofulumira. Bomba la mu Church Street linapha anthu 19 ndi kuvulaza oposa 200, ndipo ambiri mwa iwo sanali asilikali. Patapita masiku atatu ndege za boma zinabwezera poponya mabomba ku Matola, m'dziko la Mozambique. Bukuli likunena kuti imfa za anthu wamba zinawasautsa a Mandela, koma likuzilandira ngati chotsatira chosapeweka cha nkhondo, ndipo nkhani ikupitirira. Wowerenga sangaphunzirenso bwino m'bukuli za nkhanza zimene asilikali ena a gululo anachitiridwa ndi anzao m'misasa ya ku Angola, makamaka ku Quatro, ngakhale kuti chipani chomwecho, a Mandela ali mtsogoleri, chinakhazikitsa makomiti a Skweyiya mu 1992 ndi Motsuenyane mu 1993 amene anatsimikiza kuti nkhanzazo zinachitika. Mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo pa 29 Okutobala 1998 a Mandela anasonyeza kuti mwambiwu ankaudziwa, pamene analandira lipoti la bungwe la a Desmond Tutu lofufuza zoona ndi kuyanjanitsa anthu ngakhale chipani chao chinayesa kuliletsa kukhoti. Munthuyo anali wolimba mtima pa nkhaniyi kuposa buku lake.

Chachitatu ndi nkhani ya chiyambi cha nkhondo. Bukuli likuonetsa ganizo lotenga zida ngati lochokera kwa a Mandela ndi anzao mu ANC, ndi kuti Mfumu Albert Luthuli inavomera monyinyirika. A Scott Couper, m'buku lao la 2010 lonena za Luthuli, akutsutsa kuti mfumuyo sinavomereze nkhondo. A Stephen Ellis, m'buku la External Mission la 2012, akusonyeza kuti chipani cha Komyunisiti chinali chitagwirizana kale za zida pa msonkhano wake wa mu Disembala 1960. Ndipo a Mandela atangomwalira, chipani chimenecho chinalengeza kuti pamene ankagwidwa mu 1962 anali membala wa komiti yake yaikulu, chinthu chimene bukuli silivomera.

Sitikunena izi pofuna kutcha wolemba wabodza. Tiyenera kukumbukira m'mene bukuli linabadwira. Linayamba kulembedwa mobisa pa chisumbu cha Robben, a Walter Sisulu ndi a Ahmed Kathrada akuliwerenga ndi kulikonza, ndipo a Mac Maharaj analitulutsa mozemba pamene anamasulidwa mu 1976. Linamalizidwa mothandizana ndi mtolankhani wa ku America, a Richard Stengel, m'zaka zimene zokambirana ndi boma zinali pakati ndipo mwazi unali kukhetsedwa m'makomboni. Linatuluka dziko latsopano lili ndi miyezi yochepa. Buku lotere ndi gawo la ntchito yomanga dziko. Ndi kalata ya kazembe wa mau yolembera azungu amantha, akuda okwiya ndi maiko akunja nthawi imodzi. Zimene lasiya lazisiya chifukwa cha ntchito imeneyo. Ntchito ya wounika ndi kuzindikira zimenezi ndi kusalola kuti kalata ya kazembe isanduke mbiri yonse ya nkhondo.

6. Mau Omaliza

Kwa ife a Chichewa nkhaniyi si ya kutali. Ku Malawi tinaona zimene zimachitika mbiri ya kubadwa kwa dziko ikasanduka mbiri ya munthu mmodzi. Dzina laulemu la Ngwazi, limene ndi dzina la munthu wopambana pa nkhondo, linaperekedwa kwa Dr H. Kamuzu Banda, ndipo pambuyo pa mkangano wa nduna wa 1964 maina a a Henry Chipembere, a Kanyama Chiume ndi a Yatuta Chisiza, amene anagwira nao ntchito yomasula dziko, anakhala osatchulika poyera kwa zaka pafupifupi 30. Sitikufanizira anthu awiriwa: a Mandela analamula zaka 5 natula pansi udindo mu 1999, pamene Dr Banda anakhala Pulezidenti wamuyaya kuyambira 1971 kufikira pamene zinthu zinasintha mu 1993 ndi 1994. Chimene tikufanizira ndi chizolowezi cha olemba ndi owerenga, chofuna tate mmodzi woti amutamande. Chinenero chathu chili ndi chuma chambiri cha mau otamanda, ndipo womasulira wosasamala angasandutse munthu wodziseka yekha wa m'bukuli kukhala ngwazi ya m'nyimbo, chinthu chimene wolembayo anayesetsa kuchipewa.

Chifukwa chake tikupereka maganizo atatu kwa omasulira ndi aphunzitsi. Loyamba, asunge liu lodekha ndi lodzichepetsa la bukuli, ndipo asaonjezere ulemu umene mwini sanadzipatse. Lachiwiri, aliwerengetse pamodzi ndi zolemba za ena amene anakhala m'misasa, m'malire ndi m'makomboni, kuti ophunzira adziwe kuti mutu umodzi susenza denga. Lachitatu, akamalemba mbiri za anthu athu, atengere kwa a Ntara chizolowezi choonetsa munthu ali pakati pa mudzi wake, pamodzi ndi zolakwa zake ndi anthu amene anamunyamula. Tikatero, liu la "kazembe" lidzakhala loyenera pa a Mandela m'matanthauzo ake onse awiri, ndipo owerenga athu adzadziwanso maina a asilikali amene kazembeyo anawatuma.